Kamera ya a Kachingwe ndi bafa lopanda denga

Tiwonge ndi Lusungu, ana anga, nkhani iyi ndaizengereza nthawi yaitali. Mwakhala mukundifunsa, makamaka iwe Tiwonge amene unali utayamba kale sukulu, chimene chinatichotsa m'nyumba ya ku Area 25 ija, ya mpope m'kati ndi mtengo wa mapeyala kuseri, n'kukatiponya ku Mgona. Amayi anu ankangoti ntchito inavuta, ndipo sananame. Koma ntchito siivuta yokha. Tsopano poti maso ayamba kuchita chidima ndipo mawondo anakana kale makwerero, ndalemba mmene zinayendera kuti muweruze nokha.

1991

Ntchito yanga yoyamba yeniyeni ndinaipeza pa kampani ina ya alonda m'tawuni muno, nditangofika kuchokera kwathu ku Rumphi ndi kapepala ka zamagetsi m'thumba. Amayi anu, a NyaGondwe, ananditsatira mvula itatha, Tiwonge ali kumsana, ndipo tinkakhala m'chipinda chimodzi ku Kawale. Ine sindinali mlonda ayi, ndinali wa mawaya. Ndinkaika mabelu ochenjeza kuti kwabwera akuba, kukonza mawailesi olankhulirana alonda, ndi kukwera madenga a anthu amene dzina langa sankalidziwa n'komwe. Mkulu wa gawo lathu anali a Msiska, mkulu wa mpingo wa kwathu komweko, munthu wowonda, wouma pakamwa, amene ankavala tayi ngakhale popita kukakumba ngalande ya waya.

Makamera masiku amenewo anali osowa. Ankapezeka kwa akazembe ndi kwa azungu ena a ku Area 10, kanthu kooneka ngati njerwa kokhomedwa pakhoma, waya wake n'kukalowa m'nyumba mpaka pa kanema wamng'ono wa zithunzi zakuda ndi zoyera. Nthawi ya chipani chimodzi ija kamera sinali chidole. Usanaiyatse unkajambula papepala pomwe diso lake likufika, n'kupita nalo kupolisi, iwo n'kubwera kudzaona okha, kenako n'kudinda. Buku la malamulo momwe zimenezi zinalembedwa sindinalionepo, ndipo munthu wofuna kukalamba sankafunsa kuti zalembedwa pati. Dzina la wokhoma kamera linkalembedwanso kupolisi komweko, ndipo la ine linalembedwa chaka chomwecho.

Kamera yanga yoyamba ndinaikhoma mokondwa, ndikudziona ngati dokotala. A Msiska anaima kutsogolo kwa kanema manja ali kumbuyo, n'kundiitana.

"A Mhango, tsikani kaye. Mukuona chiyani apa?"

"Geti, bwana."

"Nanga mayi wasenza nkhuniyu ndi geti?"

Kamera inkatenga geti ndi chigawo cha msewu, ndipo mumsewumo munkadutsa mayi wina ndi mtolo wake. Ndinati msewu ndi wa aliyense. Iwo anati n'chifukwa chake si wathu. "Diso la kamera lizithera pampanda wa mwini wake. Amene ali kunjako sanatilembe ntchito, komanso sanatilakwire." Tsiku limenelo ndinakwera ndi kutsika makwerero kambirimbiri ndikusuntha kamerayo, mumtima ndikuwatukwana m'Chitumbuka, iwo akumva zonse pankhope yanga koma osasuntha. Tinachoka dzuwa litapendeka, mayi wa nkhuni aliyense atachotsedwa pakanema.

1994

Matipate atabwera anthu anamasuka pakamwa, akuba nawonso anamasuka manja. Mipanda ya maluwa inasanduka ya njerwa, pamwamba pake mabotolo oswa. Makamera anatsika kuchoka kwa akazembe kufika kwa eni zigayo ndi eni maminibasi. Ntchito inachuluka, ine anandikweza, ndipo kampani inatipatsa nyumba ya ku Area 25 ija. Ndikukumbukira amayi anu akutsegula mpope wa m'khitchini, kutseka, kutsegulanso, ngati akuopa kuti madziwo asintha maganizo. Lusungu unabadwira mmenemo.

Musaganize kuti zinali zofewa. Zipangizo zonse zinkachokera ku Joni, ndipo kwacha itagwa zinkabwera mwa apo ndi apo. Tepi imodzi tinkajambulirapo mobwerezabwereza mpaka wakuba ankaoneka ngati utsi. Magetsi akazima, kamera inkagona limodzi ndi mlonda. Galimoto ya kampani nthawi zambiri inkakhala yopanda mafuta, ndiye ndinkakwera minibasi ndi makwerero anga, kondakitala akundinyoza kuyambira kudepoti mpaka ku Biwi. Zonsezi thupi linkapirira. Chimene chinkanditopetsa mpaka m'mafupa anali maofesi.

Dongosolo lakale lija linafa, latsopano osabadwa. Kupolisi ankati, "Zimenezo zinali za kale, pitani kukhonsolo." Kukhonsolo ankati iwo amaona za mipanda ndi zimbudzi, ndipite kwa a mawailesi. A mawailesi ankandifunsa ngati kamerayo imalankhula, ndikati ayi, ankandibweza kupolisi. Ndinatha nsapato m'makhonde, ndikupatsa moni anthu amene ankandiyankha maso ali panyuzipepala. Amene anaukitsa nkhaniyi anali a inshuwaransi, chifukwa iwo ankafuna pepala lodindidwa asanavomere kuti nyumba ndi yotetezedwa. Pamapeto pake panapezeka desiki imodzi kupolisi ina, ya sajeni wina wachikulire wotopa ngati ine, amene ankadinda ngati wokhoma kamera wasaina kuti kamerayo siona malo a munthu wina. Kubwera kudzaona okha kuja kunatha, analibe galimoto. Choncho lamulo lonse linatsalira pa dzanja langa, pakuti pakampani pathu dzina lolembedwa linali langa lokha.

Chaka chomwecho a Msiska anapuma ntchito n'kubwerera ku Rumphi. M'malo mwawo munabwera a Lungu, ophunzira zamalonda, a nsapato zonyezimira. Sindiwanenera zoipa, sanali ouma mtima, anali othamanga chabe. Ankanditcha mdala ngakhale sindinawapose ndi zaka zambiri, ndipo mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti, "Mdala, kasitomala sadikira."

1996

Mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, anandituma ku Area 23 kwa a Kachingwe, mwini golosale yaikulu ndi maminibasi angapo. Poloti yawo inali ngati zambiri za kumeneko: kutsogolo golosale ndi nyumba yaikulu, kuseri mzere wa zipinda za lendi, ndipo pakona, pafupi ndi mpanda wakumbuyo, bafa la malata akale la alendi, anthu okhala m'zipindazo. A Kachingwe sankafuna kamera chifukwa cha matama. Akuba anali atalumpha mpanda wakumbuyowo, n'kutema mlonda wawo, mkulu wina wa ku Njewa, ndi chikwanje pamkono. Ndinamuona ndi maso anga atakhala pakhonde, mkono uli lende m'nsalu. Ndikulemba zimenezi kuti musawaone a Kachingwe ngati chilombo.

Kuti kamera ione pamwamba pa mpanda wakumbuyo inayenera kukhala pansonga ya nyumba yaikulu. Ndinaikhoma m'mawa, ndinakoka waya mpaka kukachipinda ka kuseri kwa golosale, komwe mlonda ankakhala komanso komwe madalaivala ndi makondakitala ankamwera tiyi. Pojambula papepala ndinali nditayenda poloti yonse ndi mapazi, ndipo bafalo ndinaliona monga mmene tonse timalionera, malata anayi ndi chitseko. Sindinaganize kanthu, a Kachingwe sanaganize kanthu, palibe munthu woyenda pansi akanaganiza kanthu. Nditayatsa kanema, mpanda unaoneka bwino lomwe. M'munsi mwake munaoneka m'kati mwa bafa monse, chitenje chili pachitseko, ndi mayi atawerama pa ndowa yake.

Inu munakulira m'makomboni, mukudziwa. Bafa la kwathu kuno silifoleredwa, kuti dzuwa liziumitsa pansi pasamachite ndere. Loko wake ndi chitenje. Mayi akachikoloweka pachitseko, mwamuna wodutsa amatsokomola, kutembenuza nkhope, n'kupita, ngakhale chidakwa chimadziwa zimenezo. Takhala choncho mabanja ambirimbiri pabwalo limodzi popanda kuchititsana manyazi, chifukwa kumwamba kunali Mulungu ndi akhwangwala basi. Tsopano ine ndinali nditaikako diso lina, ndipo diso limenelo chitenje silichidziwa.

Dalaivala wina anaika kapu pansi n'kuitana mnzake. Ndinazula waya pakhoma msangamsanga mpaka pulagi inathyoka. "Aa, mdala, mwazimitsiranji filimu?" anatero, anzake n'kuseka. Ndinachita manyazi ngati wovula ndine.

Tsiku lonse ndinayesa njira zina. Ndikaitsitsa kamera, mpanda unkabisika kuseri kwa zipinda za lendi. Ndikaipititsa kukona ina, mtengo wa mango wa aneba unkatseka zonse. Ndikaipendeketsa m'mwamba, inkaona mitambo ndi bwalo la eni ake ena. Madzulo ndinawauza a Kachingwe kuti njira ndi imodzi, afolere bafalo kapena alisunthe.

"Bafa limenelo si langa," anatero. "Anamanga okha alendi, afolere okha. Ndikawafolerera lero, mawa andiuza ndiwaikire shawa."

"Abambo, malata awiri okha atha nkhani yonse."

"A Mhango, mwamuona mlonda wanga? Ndiuzeni, chachikulu n'chiti, mkono wa munthu kapena mayi wosamba? Amene akuopa kuonedwa azisamba m'chipinda. Ine ndikufuna pepala langa Lolemba, a inshuwaransi akundidikira."

Mpaka lero ndilibe yankho lokwanira pa funso la mkono lija. Ndinati mwina kanemayo aikidwe kuchipinda kwawo, kuti asamaone aliyense. Anati ndiye mlonda adziwa bwanji kuti akuba akwera mpanda, ndipo pamenepo analondola.

Ndikupinda makwerero, mayi uja anadutsa ndi ndowa, ndinamuzindikira ndi chitenje chake. Anali a Nachisale, mayi wa msinkhu wa amayi anu, wogulitsa mandasi pasiteji. Ndinaona kuti kungochoka osawauza n'kuwapereka. Ndinawapatsa moni, n'kuwafotokozera mwachidule, maso ndili pansi, kuti chinthu chili pamwambacho chimaona m'bafa. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenako anakokera chitenje pachifuwa ngakhale anali atavala bwinobwino.

"Inuyo mwaona?"

"Ndinazimitsa msanga, amayi."

"Ndiye kuti mwaona." Anaika ndowa pansi. "Abambo, chonde musatiyambitsire mlandu. Ife tikangotsegula pakamwa atiuza tisamuke, ndipo nyumba ya pafupi ndi siteji siipezeka. Tizisamba m'chipinda ndi beseni, ana akapita kusukulu. Inu pangani ntchito yanu."

Mawu amenewo anandilemera kuposa a a Kachingwe. Ndinkaganiza kuti ndikumenyera munthu nkhondo, koma mwini wakeyo ankandipempha kuti ndisiye.

M'mawa mwake ndinapita kwa sajeni uja, ndikuyembekeza kuti boma lindisenzako katunduyu. Anandimvetsera mpaka kumapeto akudzikupiza ndi faelo. "Poloti ndi yake, bafa lili papoloti yake," anatero. "Lamulo loti ndikamuletsere ine ndilibe, mwina lili kwina koma kuno silinafike. Inu mukasaina ine ndidinda, mukapanda kusaina sindidinda. Musandifunse zambiri, akulu." Kuofesi a Lungu ananenanso chimodzimodzi, koma mwachangu. Anati pepala likunena za malo a munthu wina, ndipo alendi alibe malo, choncho sindinama. Anati a Kachingwe ali ndi anzawo ambiri a maminibasi amene akudikira kuona ntchito yathu. "Mdala, usapange zinthu kukhala kompuliketedi. Saina, Lolemba tikadinditse."

Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinawauza amayi anu zonse, titakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, inu mukusewera ndi madzi a pampope. Anamvetsera akusankha nyemba, osadzutsa mutu.

"Mukakana, aichotsa kamerayo?"

"Ayi. Apeza wina."

"Ndiye mayiyo mwamuthandiza chiyani?"

"Palibe."

"Nanga ana awa?"

Ndinati sindikudziwa. Ndinati chimene ndikudziwa n'chakuti dzina langa likakhala pa pepala lija, mayi aliyense wosamba m'bafa limenelo wavulidwa ndi ine, ndipo patebulo la Mgonero sindingathe kutambasula dzanja lomwelo. Ndinawonjezera kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amayi anu anati miyambi siifolera nyumba. "Bambo a Tiwonge, inu si boma. Boma lenilenilo lati lilibe lamulo, inu mwalitenga kuti?" Anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Anaima, kukutumula nyemba za pachitenje, n'kukatseka mpope umene munausiya ukutayika.

Ndinalingalira a Msiska, koma musaganize kuti ndinamva mawu awo m'makutu ngati m'maloto. Ndinangodziwa kuti dzanja langa silisaina, monga mmene munthu umadziwira kuti chakudya ichi sichitsika pakhosi. Lolemba ndinalowa mu ofesi ya a Lungu ndi pepala losasaina. Anandiyang'ana motopa, osati mokwiya. Anandipempha kawiri, kachiwiriko anasiya zonditcha mdala n'kunditchula dzina. Kenako anati kampani singasunge munthu wosankha ntchito, ndipo nyumba ndi ya kampani. Ndinaika makiyi a sitolo ya zipangizo patebulo. Panjira yobwerera ndinatsika minibasi kutali ndi kunyumba n'kuyenda wapansi, chifukwa ndinkaopa nkhope ya amayi anu.

Sabata yotsatira a Lungu analembetsa dzina la munthu wina kupolisi, ndipo kamera ya a Kachingwe inayaka pomwe ndinaikhoma ine, pa misomali yanga, ndi waya wanga. Bafa silinafoleredwe. Za a Nachisale sindinamvenso. Ndinadutsapo pasiteji ija kangapo osawaona, mwina anasamuka, mwina ankangosamba m'chipinda monga ananenera. Sindinapulumutse munthu aliyense, ana anga, zimenezo ndikufuna muzidziwe bwino.

1997

Tinalowa ku Mgona mu January, mvula ili pakati. Zipinda ziwiri za zidina, madzi ogula pakiyosiki, matope mpaka m'akakolo. Makampani ena a alonda anali atamva kuti ndine wovuta, ndiye ndinayamba kukonza mawailesi ndi masimbi pansi pa kashedi kumsika, ntchito imene ndinaigwira mpaka maso anakana. Tiwonge unasintha sukulu, unalira sabata yathunthu chifukwa cha anzako ndi mtengo wa mapeyala. Amayi anu anayamba kugulitsa tomato. Masiku oyambawo ankandiyankha mawu amodzi amodzi, ndipo ine sindinkawakakamiza.

M'mawa woyamba anatenthetsa madzi, kunyamula ndowa, kupita kubafa la kuseri. Linali la masaka ndi mitengo ya bulugama, lopanda denga ngati ena onse. Ine ndinali pakhomo ndikumasula katundu. Ndinawaona akukoloweka chitenje pachitseko, kenako anaima. Anayang'ana m'mwamba, ku mapolo a magetsi, ku makoma aatali a mafakitale a ku Kanengo amene amaonekera chapatali. Kunalibe kamera iliyonse, ndikanaidziwa. Anaimabe choncho mpaka madzi anasiya kutuluka nthunzi. Kenako anachotsa chitenje chija, kunyamula ndowa, kubwera nayo pomwe ndinali, n'kuiika pansi.

"Bambo a Tiwonge, kafolereni kaye."

Panali malata awiri amene ndinabwera nawo kuti nditseke podontha pamwamba pa bedi lanu. Ndinawatenga amenewo. Ndinakwera pa mpando, pakuti makwerero anatsala kukampani, n'kuwakhoma pabafa aneba atazungulira akuseka. Mayi wina anafunsa ngati kwathu ku Rumphi anthu amagona m'bafa. Mukukumbukira kuti ana anzanu ankakutchani a bafa la denga, ndipo chaka chonsecho bedi lanu tinkalisuntha mvula ikayamba. Tsopano mwadziwa kumene malata anu anapita.

Amayi anu sananenepo kuti ndinachita bwino, mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda ku Rumphi, ndipo ine sindinawafunsepo. M'mawa umenewo, nditakhoma msomali womaliza, anabwera kudzayang'ana m'kati, kuyang'ananso m'mwamba.

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza."

Anatenga ndowa ya madzi ozizira aja, kukoloweka chitenje pachitseko, n'kulowa. Ine ndinatsokomola, kutembenuza nkhope, n'kubwerera kukamasula katundu.